Amama Agwetsa Mpanda pa Jenda

LACHIWIRI

Yotam 06:12
mayi a mtisu, ndikuona chani pa photo anditumizira neba wathu Ben apa

Yotam 06:12
mpanda wakutsogolo uli kuti

Yotam 06:19
ndikukuonanitu muli online

Atikonda 06:31
mwadzuka bwanji kaye bambo a mtisu. ku joni kwacha bwanji

Yotam 06:31
kwacha. mpanda

Atikonda 06:33
wagwetsedwa. mbali yakumsewu yokha, kuyambira pa geti mpaka pa mtengo wa mapeyala

Yotam 06:33
galimoto? akuba?

Atikonda 06:35
amama anu

Yotam 06:35
musandiseweretse plz

Atikonda 06:41
sindikusewera. mverani bwino. a khonsolo anabwera kudzakhoma zikhomo zofiira mbali zonse za M1. akuti kuchokera pa tala mpaka pa chikhomo ndi malo a msewu, munthu asagulitsepo kanthu. onse a chipisi, zitumbuwa, chimanga chootcha anawauza apite ku shedi yatsopano kuseri kwa dambo

Yotam 06:42
ndiye ndi zolakwika? paja chaka chatha thiraki inagunda mayi wa nthochi pompo

Atikonda 06:44
palibe akukana zimenezo. koma ku shedi basi sifikako. Elube wa chipisi, uja amakhala pafupi ndi geti yathu, anapitako, chipisi chikubwerera kunyumba chozizira. ana atatu, bambo palibe. ndiye anabwereranso kumsewu mozemba

Atikonda 06:47
loweruka wina anangokuwa kuti akubwera! aliyense kuthawa. iye ananyamula chiwaya mafuta akuwira, wapunthwa. wapsa mkono wonse ndi ntchafu. galimotoyo siinali ya khonsolo nkomwe, anali ogulitsa mbewu

Yotam 06:48
eish. ali moyo?

Atikonda 06:52
ali mchipatala. anamutengera ndi amama. atabwerako amama anangoima pa chikhomo nkumayang'ana. chikhomo chili kunja kwenikweni kwa mpanda wathu, ndiye kuti bwalo lathu silili mmalo a msewu. lamulungu titaweruka ku tchalitchi anaitana Goodson wa kanyenya ndi nyundo. njerwa yoyamba anamenya okha

Atikonda 06:53
panopa pabwalo pali anthu asanu akugulitsa. basi ikaima anthu akungolowa

Yotam 06:55
inu munali kuti

Atikonda 06:55
ndinawagwirira chitenje chawo cha ku tchalitchi

Yotam 07:02
mukudziwa chimene ndinamangira mpanda uja? amama anagulitsa mazira pa mawindo a basi ubwana wanga wonse, dzuwa, mvula, fumbi. ndinati akalambe mkati mwa mpanda, asamvenso phokoso la pa siteji. lero mwalilowetsa mpaka pakhonde

Atikonda 07:10
nawa, akufuna alankhule okha

Atikonda 07:13
🎤 voice note 0:51, mawu a amama
Yotam mwana wane, ndine amama ako. Mpanda ndagwetsa ndine, nyina Mtisunge usamukalipire. Njerwa zako sizinatayike, taziunjika bwino kuseri. Ndikudziwa unavutika chomene kuti umange. Koma mkati mwa mpanda umu ine ndimangomva kukuwa, osaona amene akukuwa. Loweruka ndinatsegula geti, ndikuona khungu la mwana wa munthu likusendeka ngati la mbatata yowiritsa. Mbwenu ndinati ayi. Sindikupepesa, ndikungokuuza. Uzidya kumeneko.

Atikonda 07:40
mwamvera?

Atikonda 12:15
bambo a mtisu

LACHINAYI

Atikonda 10:04
kwabwera a khonsolo, bambo wina a Louis. ine ndinati lero tinyamulidwa

Atikonda 10:09
amama anawatulutsira mpando nkuwapatsa moni wa mafumu. munthuyo ndi waulemu ndithu. akuti zoona bwalo silili mmalo a msewu, koma ploti yathu inalembedwa yokhalamo anthu, si ya malonda. kuti pagulitsidwe chakudya pakufunika chilolezo chosintha ntchito ya malo. komanso chimbudzi chapadera, madzi osamba mmanja ndi dzenje la zinyalala. komiti ikukumana lachisanu la sabata yamawa ku boma

Atikonda 10:11
mpaka tsiku limenelo akuti malonda aime

Atikonda 10:16
Goodson anayamba kukweza mawu. amama anangomuyang'ana kamodzi basi. kenako anauza a Louis kuti yewo adada, tamva, lero lomwe tizimitsa mbaula. ndipo azimitsadi. atachoka anauza azimayi aja kuti kuthamanga ndi mafuta otentha kwakwana, ulendo uno tikapempha masana, dzuwa likuswa mtengo

Atikonda 10:20
koma pali ichi. ploti ili mdzina lanu. popanda inu kuvomera palibe chichitike. akuti adzakuimbirani tsiku la msonkhano

Yotam 13:02
ndiye mwandikumbukira kuti ndilipo

Atikonda 13:04
musatero

Yotam 13:06
ndinkafuna pamenepo ndidzamange mashopu ndikabwera december. palibe anandifunsa. pogwetsa simunandifune, posaina mukundifuna

Atikonda 13:11
mukunena zoona, tinalakwa osakuuzani. ndinkaopa. koma ndikuuzeni poyera, pa nkhani iyi ine ndili mbali ya amama

Yotam 13:12
inu ndi amama? anthu mumandiimbira aliyense payekha kudandaula za mchere wa mu ndiwo?

Atikonda 13:13
omwewo

Atikonda 13:30
mudzayankha akadzaimba?

LOWERUKA

Atikonda 09:22
📷 photo
dzenje la chimbudzi lafika mchiuno. akukumba ndi Goodson, dothi akututa ndi azimayi

Atikonda 09:24
wa duku lobiriwirayo ndi amama. ndawaletsa kunyamula ndowa, andiyankha kuti mkamwana, msana ndi wanga

Atikonda 16:48
ana a Elube akugona kuno kuyambira lachitatu. amama akuwasambitsa okha. wamng'ono uja akumuimbira nyimbo zachitumbuka zomwe ine chikwatiwire sindinazimvepo

LOLEMBA

Atikonda 08:05
lero ndaona zina. Caroline wa zitumbuwa anabwera ndi nkhuku, akuti ya lendi ya malo. amama amubweza nayo. akuti lendi ya pano ndi tsache, aliyense ndi tsiku lake losesa, ndipo wothira madzi akuda pabwalo achoke yekha asadikire kuuzidwa

Atikonda 08:09
kenako anawakhazika onse pansi nkumawafunsa ngati iwowo ndi a komiti. bwanji simukupita ku shedi? utsi ukalowa mnyumba za anzanu? mwana akathamangira kumsewu ndi chipisi mmanja? Caroline akayankha zofooka akumubwezera, yambanso. takhala tikuseka koma akudziwa chimene akuchita

Atikonda 08:10
za mwanayo zawavuta okha. ndiye akuti timange kampanda kafupi ka nsungwi kofika mchiuno, khomo limodzi

Atikonda 17:31
ndikuona ma tick a blue. ngakhale "ok" yokha

LACHITATU

Yotam 05:58
Elube ali bwanji

Atikonda 06:03
watuluka dzulo. mkono sukuwongoka bwino koma akuti uchira. anabwera kudzathokoza, anagwada pakhonde. amama anamudzutsa mokalipa, akuti ugwadira ndani, bandeji idetsedwa

Yotam 06:04
kkk ndi iwowo

Yotam 06:06
akudya koma? bp akumwa mankhwala?

Atikonda 06:07
akumwa. mufuna muwalankhule? ali panja

Yotam 06:15
ndikulowa ntchito

Atikonda 06:16
za lachisanu bwanji

LACHISANU

Atikonda 06:40
tanyamuka. ine, amama, Caroline ndi Goodson. Elube wakakamira, wabwera ndi mkono wake. amama avala suti ya chigwirizano cha amayi

Atikonda 09:18
tafika pa boma. tili pa benchi panja. foni ikhale pafupi plz

Atikonda 10:52
atiitana

Atikonda 11:20
📞 missed call

Atikonda 11:22
📞 missed call

Atikonda 11:23
bambo a mtisu akukuimbiraninso ndi nambala ya ofesi, yankhani ndapota

Atikonda 11:31
a chair akuti mwini malo akapanda kupezeka nkhani idikira msonkhano wa miyezi itatu ikubwerayi. anthuwa sangakwanitse miyezi itatu

Atikonda 11:38
amama apempha kuti atidumphe kaye amve nkhani za ena, ife tidikira. akuti mwana wane ali pamwamba pa nyumba za eni ake ndi simenti mmanja, akatsika ayankha. ndinawanong'oneza kuti nanga akapanda kuyankha? akuti ndiye kuti wakana, ndipo ndi ufulu wake

Atikonda 12:10
tili panja

Atikonda 12:44
📞 missed call

Yotam 13:01
foreman amasunga mafoni mpaka lunch. auzeni aimbe pano

Atikonda 13:02
ndikuthamanga

Atikonda 13:26
mwawauza chani??? ife anatisiya pakhomo, ndangomva a chair akuseka

Yotam 13:29
anandifunsa ngati ndine mwini ploti. ndati dzina ndi langa koma mwini wake ndi mayi avala zoyerawo, zimene anena ndi zomwezo

Yotam 13:30
anafunsanso ngati ndinavomera kugwetsa mpanda. ndati bwana, inuyo mwakhala nawo mmawa onse, mukuona ngati amapempha?

Atikonda 13:31
😭😭 yewo chomene

Yotam 13:31
chitumbuka mwachiyamba liti

Yotam 13:33
analankhula bwanji mkatimo

Atikonda 13:41
🎤 voice note 1:04
Bambo a Mtisu, mukanawaona. Sananyoze munthu. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha zikhomo, akuti mayi wa nthochi uja anali mnzawo, anakamuika mmanda okha. Kenako anati, mwatichotsa kumsewu, mwachita bwino, koma njala ya wapaulendo simunaichotse, idakali pa siteji pomwepo, ndipo ana awa aziitsatira ngakhale muwathamangitse kangati. Anaimiritsa Elube ndi mkono wake uja, anangomuimiritsa basi. Bambo wina anafunsa kuti inu mayi mupindulapo chani. Akuti, tulo. Ine misozi, ndinachita kutuluka.

Atikonda 15:12
zotsatira zatuluka. chilolezo cha chaka chimodzi, akadzaona ukhondo adzawonjezera. chipisi, zitumbuwa, mandasi, chimanga, zonse bho. zomanga zokhazikika ayi, ndiye mashopu anu adikira kaye

Yotam 15:14
adikire

Atikonda 15:17
koma kanyenya akana. akuti nyama ili ndi malamulo ake, ikufunika malo oyezedwa ndi a zaumoyo. Goodson yekha watsala. munthu wakumba dzenje lonse lija. wangovula chipewa nkuti zikomo, wakakhala pakona

Yotam 15:19
ayi zachisoni. koma anayi mwa asanu si zochepa. auzeni amama apume tsopano

Yotam 15:25
njerwa zija asazisiye pa mvula. amangire chimbudzicho, chikhale cha njerwa osati cha udzu

Atikonda 15:26
ndawauza. amwetulira

LOLEMBA

Atikonda 07:02
📷 photo
mbaula zayaka. basi ya ku mzuzu yaima, Caroline zitumbuwa zatha beseni loyamba. Elube akukazinga ndi dzanja limodzi, ine ndikumusendera mbatata

Yotam 07:09
zokongola. kampanda kansungwi kakhala bwino. amama ali kuti sindikuwaona pa photo

Atikonda 07:10
apita ku boma

Yotam 07:10
kukatani abale

Atikonda 07:13
za Goodson. akuti akafunse a zaumoyo kuti malo oyezedwawo amaoneka bwanji, aone ndi maso. Goodson amutenga, amuuza avale malaya a kolala

Yotam 07:14
bp imeneyo. aletseni

Atikonda 07:14
aletseni inuyo, foni yawo yaing'ono ali nayo

Yotam 07:21
ndaimba

Atikonda 07:21
akuti chani

Yotam 07:24
akuti ndiimbe madzulo, panopa ali mu minibasi akukonza zokalankhula