Tsaya la amayi ku saluni

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana onse. Kalatayi ndalemba ndekha, ndiye mukhululuke pomwe yakhota.

Kuno tilipo ndithu. Ziphuphu zija zinandisiyira zipsera kumaso, ndiye Loweruka amayi ananditengera ku saluni. Kuli kamakina kooneka ngati cholembera, kamakwecha khungu lakufa pang'onopang'ono n'kumaliyamwa. Sikapweteka ayi, kamangokanda ngati lilime la mphaka.

Atathana nane, mayi wapasaluniyo anati, "Nanunso khalani apa achemwali, mwana asakuposeni kukongola." Amayi anakana, koma iye anawakokera pampando akuseka. Atawapukuta paudala patsaya, kuseka kunatha.

"Pakhungu lotupa sitiyikapo makina," anatero. "Mwatani apa?"

"Chitseko cha kabati," amayi anayankha.

"Kabati yake ya zala zinayi?"

Amayi anangodzolanso paudala, ndipo tinabwerera kunyumba. Abambo ali bwino, kungoti sachedwa kupsa mtima masiku ano.

Amalume, amayi akuti ndisakuvutitseni, ndiye sindikukuvutitsani. Koma mukafuna kudzationa, musatiuziretu tsiku. Mungofika m'mawa, asanadzole.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wamanyazi uja