Jekete ya Bambo Yasungunuka

Sincelejo, 9 Malichi

Okondedwa achimwene Argemiro,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuwalola kukwera chitunda cha kutchalitchi? Ine kuno ndikupuma ndithu, kungoti amene amayandikana nane amayesetsa kuti asapume.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa foni ikangolira amayi amakulandani. Iyi mukawerengere kumunda wa mbatatesi, muli nokha.

Mukukumbuka mmene ndinanyamukira kwathu ku Ipiales. Amayi atamva kuti kuno ndizipita kuntchito pa njinga yamoto, anandikokera kutchalitchi cha Las Lajas, kundigwaditsa pamaso pa Namwali Maria, n'kundilumbiritsa kuti sindidzakwera njinga osavala chisoti, magolovesi ndi jekete yachikopa ya malemu bambo. Inu munali kumbuyo kwathu mukuseka. Chimene simunaone n'chakuti dzulo lake anaswera akuipaka mafuta a nkhosa, mpaka m'misoko momwe, monga ankachitira bambo akamakwera kumapiri kuti mvula isalowe. Kwathuko kumazizira, mafutawo amauma gwa, fungo osamveka. Kuno dzuwa la m'mawa limaposa lathu la masana.

Sabata yoyamba jekete inkangonyezimira, ine n'kumayesa ndatchena. Yachiwiri inayamba kudontha. Pano yatha miyezi iwiri, ndipo fungo lake ndi la nkhosa imene inafa kale koma sinauzidwe. Ubweya wam'kati uja umamwa thukuta langa la m'mawa n'kundisungira kuti ndilipeze madzulo likadali lofunda. Kumsana kwatuluka zidzolo. Chisoti ndikachivula, chimatulutsa mpweya ngati wa mphika wa matumbo. Sindikukokomeza, achimwene: Lachiwiri ndinasanza pamaloboti, chisoti chili kumutu.

Ndayesa sopo, viniga, mandimu, ngakhale khofi wopera. Ndinaiyanika pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pobwera ndinapeza nyerere zalowa m'matumba onse, agalu atatu atakhala pansi pake mwaulemu ngati ali pa Misa. Mayi Ludys, eni nyumba imene ndikukhala, akuti ndiziisiya kunja kwa mpanda, chifukwa miimba yayamba kuzungulira denga lawo ndipo anthu akufunsa ngati kwagwa maliro.

Akabaza a pamphambano andipatsa dzina, amati Mayi Butchala. Wina dzana anandifunsa ngati ndimagulitsa pa kilo kapena yathunthu. Iwo chisoti amachikoleka pachigongono, akuti mutu umafuna mphepo, chigongono ndiye chimagwira ntchito. Amavala malaya opyapyala ndi patapata, n'kumandimvera chisoni ine.

Zonsezi ndikanapirira, koma nkhani yafika kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Jekete ndimaisiya panja, koma fungo limalowa nane m'kalasi, lili m'bulauzi ndi m'tsitsi. Mabenchi awiri akutsogolo sakhalanso munthu. Lachisanu a hedi, mayi Nohemí, anandiitana mu ofesi, atatsegula mawindo onse, ataima pafupi ndi chitseko. Anayamba ndi kuyamikira kaphunzitsidwe kanga ka sayansi, kenako anati makolo alemba kalata, ndipo Pasaka ikadutsa ndibwere ndili munthu kapena ndisabwerenso. Paja ndikadali pa miyezi yoyesedwa.

Mwina mukuti ingoivula, amayi ali kutali, aona bwanji. Ndinaganizapo. Koma mwezi watha mnzanga Dagoberto, mphunzitsi wa masamu, amene ankandiseka kuposa onse, anaterereka ndi njinga yake yamoto pamchenga pokhota, atavala malaya okhaokha. Sanathamange n'komwe. Ndine ndinamuperekeza kuchipatala, ndipo ndinaona namwino akuchotsa miyala m'mkono mwake ndi burashi, khungu litatsala pamsewu kuyambira paphewa mpaka padzanja. Ali mkati mokuwa anandiuza kuti, mlongo, bola kununkha. Chiyambire tsikulo nyama yofiira sindikuidya. Choncho kuyenda wopanda jekete ayi, zimenezo ndakana ndekha, osati chifukwa cha lumbiro.

Njira ilipo. Ndaona jekete ina m'sitolo, yolukidwa ngati ukonde kuti mphepo izidutsa, yokhala ndi zolimba m'mapewa, m'zigongono ndi kumsana. Imateteza kuposa ya bambo. Vuto n'lakuti amayi sanandilumbiritse kuvala jekete wamba, anatchula ya bambo, kawiri, dzanja langa lili pamwala pamene pali chithunzi cha Namwali Maria. Musaseke. Ndinakhala zaka zisanu ku koleji, ndimaphunzitsa ana kuti asamakhulupirire chinthu popanda umboni, koma ndinafika pakhomo la sitolo ija n'kubwerera osalowa.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu lino muwatengere amayi ku Las Lajas, akandimasule pamalo pomwe anandimangira. Muyambe mwawadyetsa mbira yowotcha, mtima ukhale pansi. Muwafotokozere za mkono wa Dagoberto, muwatsimikizire kuti mwana wawo azivalabe zodzitetezera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Za mafuta a nkhosa musatchule, chonde. Anapaka ndi manja awo tsiku lonse, ndipo akadziwa kuti ndi amene akundichotsetsa ntchito, sadzadzikhululukira. Mungonena kuti kuno kukutentha.

Kufikira mutandiyankha ndiziivalabe m'mawa uliwonse. Akakana, ndiye kuti Pasaka ikatha mundikonzere pogona, ndikubwerera kwathu, ndipo jeketeyo izigona kuchipinda kwanu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Marleny, kwa ana onse, kwa azakhali a Otilia ndi kwa amalume a Segundo. Amayi muwapsompsone pachipumi, muwauze kuti lumbiro lawo sindinaliphwanye ngakhale tsiku limodzi.

Ndine mlongo wanu wokukondani, amene akanakukumbatirani mukanalola,

Yolima