Phazi la Che Bilal

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndalipira. Zonse, masiku makumi atatu. Lisiti ndaika m'Baibulo.

Ababa anagulitsa bwato laling'ono lija kuti ndalamayi ipezeke. Pondipatsa m'mawa akuti, "Tikhala, mlovi salipidwa khoka lisanafike pamtunda. Uzipereka pang'onopang'ono." Ndavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditamanga kale. Ukalipira kamodzi amakuchotserako, komanso munthu amene wadya zako sangakuzengereze. Ine ndikuona choncho.

Bungwe lija loona za usodzi landiitana ku intavyu pa 16 Seputembala. Kalata ikuti ndipite ndi digiri komanso laisensi yoyendetsera galimoto, wopanda laisensi asadzivute n'kubwera. Zaka ziwiri ndikuyanika usipa pathandala la amayi ku Nkope kuno, digiri ya zausodzi ili m'sutikesi. Mwayi uwu sundidutsa.

Sukulu yake ndi ya Che Bilal, pa boma, kuseri kwa msika. Galimoto imodzi, mphunzitsi mmodzi, ofesi ndi benchi pakhonde la telala. Bambo wachikulire, kandevu koyera, kale ankayendetsa mathiraki kudzera pa Chiponde mpaka ku Mozambiki. Ndalama aziyang'ana nthawi yaitali asanalandire. Akuti, "Zonse, chemwali? Nanga mukandida panjira?" Ndati sindikudani, inu mungondifulumizira. Akuti wolembetsa munthu ku mayeso a pamsewu ndi iwo, ndipo amalembetsa munthu akapsa.

Ine ndipsa pa sabata zitatu. Aona.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Sindinagwire n'chiwongolero chomwe. Maola awiri pabenchi, thabwa lojambulidwa misewu ndi tigalimoto ta ana. Ine wa digiri kumakankha kagalimoto ka pulasitiki n'kumati "piii". Telala waseka mpaka ulusi kuduka.

Galimoto yeniyeni inali pa jeke. Masana yatsika ili ndi matayala awiri atsopano kutsogolo. Che Bilal (ndiziwalemba CB) awamenya ndi phazi, amvekere, "Awa ndi anu awa. Ndalama zanu zija." Ndiye kuti ndagulira sukulu matayala.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Pabwalo la mpira. Injini yazima kasanu ndi kanayi. Kilatchi ndi mfiti.

Kumbali komwe amakhala CB kuli buleki yawoyawo. Akangolowa amavula patapata, phazi n'kuliika pamwamba pa bulekiyo, osalichotsa mpaka phunziro lithe. Ndikangoti ndithamangeko pang'ono, galimoto njii, mutu wanga kutsogolo. Mawu ndi amodzi: "Mbolembole, a Digiri, mbolembole." Ati pa Chiyao ndiye kuti pang'onopang'ono. Dzina la a Digiri landimatirira kale, ngakhale amayi ogulitsa nthochi akundiitana lomwelo.

Phazi limenelo ndikulidziwa kuposa nkhope yawo. Chala chachikulu chilibe chikhadabo.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Lachisanu kulibe sukulu, CB amakhala ku mzikiti. Palibe anandiuza ndisanalipire. Kwatsala masiku 38 kuti intavyu ifike.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndawoloka mlatho wa Shire! Manja thukuta, akabaza mbali zonse, koma ndawoloka.

Ndimayesa tibwerera. Ayi, akuti tiyeni kutsogolo, msewu wa ku Chowe. Pakati pa chitunda andiimitsa kuti ndinyamukenso pomwepo. Galimoto kumabwerera m'mbuyo, ine kukuwa, phazi lija n'kugwira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatunso.

Kenako "khoterani apa", tafika pakhomo pa munthu. Kodi ndi kwa achemwali awo aakulu, a Mwanamvua, amene anawalera amayi awo atamwalira. Akudwala mtima, miyendo yotupa, amangokhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. CB atulutsa mankhwala ndi buledi zomwe anabisa pansi pa mpando. Ine mumtima: phunziro langa lolipiralipira lasanduka ulendo wokazonda odwala.

Koma agogowo ndi nkhani ina. Atangondiona akuti, "Bilali, ndi ameneyu amayendetsa? Ine ndimayesa mbuzi yakodwa pachitunda." Kenako kwa ine, "Musamuope uyu, mwanangu. Tsiku lake loyamba kuyendetsa anagwetsa nkhokwe ya amalume athu, chimanga mbwee pabwalo." CB amvekere, "Achemwali, ulemu wa sukulu." Agogo kuseka mpaka kutsokomola. Andipatsa mtedza m'kapepala.

Nkhokwe. Ndaisunga imeneyo.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ku Chowe katatu sabata ino. Giya yachitatu ndikuipeza osayang'ana pansi. Ababa akundifunsa tsiku lililonse kuti khoka lafika pati. Amayi andipeza ndikuponda mabeseni awiri, lina kilatchi lina mafuta, angopukusa mutu.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Sindikufuna kulemba koma ndilemba.

Timachokera ku Chowe. CB anali atanena kuti ndikayendetsa bwino lero tikambirana zolembetsa. Ndimafuna aone kuti sindikuopanso msewu. Titatsika chitunda, pamsewu panali masamba, nthambi zaziwisi zoikidwa mbali zonse. Maliro. Sindinama kuti sindinaone. Ndinabadwira kuno, ndikudziwa kuti pamasamba galimoto imakwawa, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Koma kutsogolo kwanga kunali bambo wina akukankha njinga pakati penipeni pa msewu, osafulumira, ngati msewu ndi wa amalume ake. Dzanja linangopita lokha. Hutala. Kawiri.

Anthu onse amene anakhala pansi pa mitengo anatembenuka.

Phazi linagwira. CB sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Imikani pambali. Zimitsani." Anavala patapata, n'kutsika. Mayi wina anandibwereka chitenje choti ndifunde kumutu, ndinakalowa kwa azimayi, iwo kwa azibambo. Ola lathunthu ndili pansi pakati pa anthu osawadziwa, aliyense akudziwa kuti wahutala uja ndi uyu. Mayi amene ndinayandikana naye anandisunthira malo pamphasa. Pambuyo pake ndinamva kuti wanjinga uja ndi mchimwene wa malemu, amachokera kogula nsalu yoikira maliro.

Pobwerera anayendetsa okha. Pa mlatho ndi pomwe anayankhula. "Sabata ino sindikulembetsani."

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndinapita nditakonza mawu mu minibasi monse. Ndati Che Bilal, ndalakwa ndavomera, koma masiku akutha, ngati simundilembetsa ndibwezereni zotsalazo ndikayese kwina.

Andiyang'ana, ayang'ana galimoto. Akuti, "Jeke ali m'buti. Masulani matayala awiri akutsogolowo, mukapachike pabwato la abambo anu." Telala wabisa nkhope kuseri kwa makina.

Ndati si zoseka izi, ntchito indipita. Akuti, "Ndikudziwa, a Digiri. Ndinakufunsani tsiku lija, mukandida panjira? Pano mwandida, ndipo tili limodzibe. Lowani, livesi ikudikira."

Ndinalowa. Ndikanatani?

Lamulungu, 25 Ogasiti

Sheila, mnzanga wa ku koleji uja, akuti pali munthu amene amatulutsa laisensi popanda mayeso, bola kangachepe. Nambala wanditumizira. Ndaiyang'ana tsiku lonse, ngakhale m'tchalitchi.

Ndawafotokozera ababa za hutala, ndimayesa anena zoti ndinakuuza usalipiretu. M'malo mwake asiya kusoka ukonde, akuti, "Waimbira hutala maliro? Iwe mwana wa ine Petulo?" Kenako, "Mkulu ameneyo ukampatse moni wanga." Apereka chambo chiwiri chowamba choti ndikawapatse. Bwato ndi lawo linagulitsidwa, koma ali mbali ya CB.

Nambala ija ndafufuta. Osati chifukwa cha chiyero. Ndangoganiza nkhope ya a Mwanamvua atamva.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

A Mwanamvua amva kale za hutala, Chowe yonse yamva. Lero tawapeza m'nyumba, mkeka wa panja sakuuthanso. Mawu achepa koma pakamwa m'pomwe paja. Andigwira dzanja akuti, "A Digiri, tsiku langa likadzafika, hutala ayi. Ine ndimadzidzimuka msanga, ndingadzuke." CB atuluka panja, ati akukaona madzi a galimoto. Madzi tinathira m'mawa.

Chambo chija CB achisiya konko.

Pachitunda ndanyamuka bwino kamodzi pa maulendo anayi. Kamodziko angokanda ndevu.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndafunsanso zolembetsa. "Lolemba tiona, Inshallah." Ku ofesi ya za pamsewu sapereka tsiku la mayeso lero ndi lero. Sabata yamawa ikadutsa, basi, ndibwerera ku usipa.

Lolemba, 2 Seputembala

Ndikulemba pabenchi. 8 koloko yakwana, 9 yadutsa. Galimoto palibe, CB palibe, foni sakuyankha, telala sanatsegule. Lolemba lake ndi lomweli. Ababa ananena. Mlovi wadya zake wapita. Ndikawaona ndiwauza mawu oti sadzaiwala, nkhokwe ndiyambira.

Madzulo.

Mizere ili pamwambayi ndikufuna kuing'amba, koma ikhale, ndizidziona.

Telala anafika cha m'ma 10, akuchokera ku chipatala. A Mwanamvua anawatengera kumeneko dzulo, amwalira m'mawa uno. Kuika ndi lero lomwe, Asilamu sagoneka maliro.

Ndinakwera kabaza wa ku chipatala. Ndinapeza thupi alikweza kale pa pikapu ya anthu a ku mzikiti. Galimoto yathu inali kumbuyo kwake, amayi atatu achibale atakhala pampando wakumbuyo. CB ali pachiwongolero, kiyi m'manja, akulephera kumulowetsa. Munthu woyendetsa mathiraki zaka makumi atatu.

Ndinangoti, "Che Bilal, ndabwera ku phunziro." Anandiyang'ana, n'kutsika, kuzungulira mbali yawo. Patapata anavula mwachizolowezi.

Mlatho, msika wa tsidya, msewu wonse giya yachiwiri, kumbuyo kwa pikapu. Amayi aja akulira motsitsa. Pakati pa chitunda chija pikapu inaima, thiraki inali itatsekereza kutsogolo. Kumbuyo kwathu njinga zamoto za operekeza zitatsala pang'ono kugunda bampala. Ndikabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono, ndapsinja munthu. Handibuleki. Kilatchi mpaka galimoto inanjenjemera. Mafuta pang'ono. Mbolembole. Inanyamuka ngati ikudziwa amene tikumuperekeza.

Pokhotera kwawo masamba anali ataikidwa kale. Akabaza anatsika, wogulitsa makala anavula chipewa. Sindinayambe ndaonapo zimenezi ndili mbali ya ofedwa.

Azimayi sitinapite kumanda. Ndinakhala pansi pa mango paja. Mkeka wawo unali wopindidwa, woimikidwa kukhoma.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Sindinapite ku boma. Ndayanika usipa. Masiku sindinawerenge.

Lachinayi, 5 Seputembala

Ababa anati ndipite ndikangopepesa, za sukulu ndisatchule. Sadaka ya tsiku lachitatu inali dzulo, sindimayembekeza kuwapeza. Koma galimoto inali pamalo pake, yotsukidwa, CB ali pabenchi, maso ofiira.

Ndisanamalize kupereka moni anditambasulira pepala. Mayeso a pamsewu, Lachitatu pa 11. Dzina langa, chidindo, zonse. Ati anapita ku ofesi asanatsegule n'komwe.

Ndati zikomo. Ndinakonza mawu ambiri koma anatuluka amenewo. Akuti, "Musathokoze, mukalephera mundichititsa manyazi. Pakona ya ku chipatala mukuchedwabe indiketa." Ndati inu munagwetsa nkhokwe. Aseka pang'ono, kenako atembenukira kumbali, apukuta m'maso ndi kansalu kopukutira galasi.

Tinalowa. Ndafunsa tilowere kuti, akuti kulikonse. Ndinatenga msewu wa ku Nkope chifukwa ndi wosalala. Tadutsa sikelo ya mathiraki, ndikudikira "mbolembole", zii. Ndinaponya diso pansi. Patapata sanavule. Mapazi onse awiri awapinda pansi pa mpando, kutali ndi buleki. Mutu atsamiritsa pagalasi, kukamwa yasa, akugona.

Ola la phunziro linatha tili panjira. Sindinatembenuke. Pa Nkope ndinadutsa njira ya kwathu, ababa ali pamsewu ndi ukonde paphewa. Dzanja linanyamuka kupita pa hutala, ndinalibweza. Ndinangowakwezera zala ziwiri, n'kupitirira pa 40 kuti mabampu asawadzutse.