Mwala wa Pachipata cha Kumpoto

Wokondedwa mlongo wanga Fenitra,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Mahajangako, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuphiri kuno tadzuka, mpunga takolola.

M'kalata yapita ija ndinakunamiza. Bambo sali bwino. Pakhosi pakungodutsa madzi a mpunga basi, ndipo eni ake akuti chisanu chino sachimaliza.

Chikundisowetsa tulo ndi chipata cha kumpoto, chotulutsira maliro chija. Mvula ya mu Febuluwale inakokolola dothi, chimwala chonga gudumu chimene makolo ankatsekera mudzi wa mfumu chinagubuduka n'kutseka njira. Bambo akuti sanasamale manda a mafumu zaka makumi anayi kuti adzatulukire pachipata cha amoyo ngati thumba la makala.

Ukudziwa kuti mwala umenewo umakankhidwa ndi manja a ana a paphiri pano okha. Ine ndi phuma langali ndinabwereka ng'ombe ziwiri za amalume a Rainizafy n'kuumanga unyolo. Sunasunthe, unangobenthuka m'mphepete. Bambo anamva kulira kwa unyolowo ali chigonere. Sanandikalipire, anangondifunsa ngati ng'ombezo zili ndi agogo awo m'manda muja. Manyazi ake sananditherebe.

Ndiye ndayenda khomo ndi khomo. Pamafunika amuna makumi awiri, ndapeza khumi ndi asanu ndi anayi, kuwerengera ndi amalumewo, amene akuti adzakankha ndi pakamwa poti msana unawathawa kalekale. Akutinso iwe ndisakuvutitse, manja ako anafewa ndi mapepala akudoko. Ndawauza kuti mlongo wanga sakumudziwa. Usandichititse manyazi kachiwiri.

Wodziwa masiku amwayi wasankha Loweruka la pa 14 mwezi uno. Za abwana ako usandiuze. Ndipo sabata imeneyo nyama ya nkhumba usayandikire poti mwambo wa makolo umaletsa, ndimakudziwa iwe.

Ukapanda kubwera, pamalo pako ndidzaimapo ine mkazine, onena anene. Mwalawo udzasuntha ndithu. Koma bambo alamula kuti tidzawanyamule pamkeka mpaka pachipatapo, ati akufuna akaone okha amene akuwatsegulira njira. Maso awo akadali akuthwa, ndipo adzayang'ana nkhope imodziimodzi.

Undiperekere moni kwa alamu a Hanitra ndi ana onse. Mulungu ndi makolo akuyendetse bwino pamsewu. Ubwere ndi nsapato zosaterereka.

Ndine mlongo wako,
Voahirana