Makapu a Amayi Pawindo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, koma za Amayi sindikubisira, kuiwala kuja kwakula.

Ukukumbukira ntchito yawo ya ku labotale? Ankasakaniza madzi a mkuwa ndi mankhwala a nayitrojeni m'timabotolo, n'kuboola zivundikiro ndi singano kuti madziwo aziuma pang'onopang'ono. Pakapita masabata munkamera timiyala tabuluu. Ankatiuza kuti mkuwa uli ndi manja, umagwirana ndi nayitrojeni n'kumanga tizipinda tosaoneka ndi maso tosungamo mpweya. Lamulo linali limodzi, botolo lisagwedezeke. Iwe ndi manja ako oyabwawo unaliphwanya, n'kupata dzina lija la Gwedezani.

Tsopano labotaleyo yasamukira kuchipinda kwawo. Makapu athu onse ali pawindo, muli madzi a pampopi, pamwamba avundikira mapepala oboola ndi singano. Tiyi tikumwera m'mabakuli.

Tsiku lina bambo a ana anga, ludzu litawagwira, anagugudiza kapu imodzi. Amayi, powayesa wophunzira wawo, anawauza kuti amwa ntchito ya chaka chathunthu, ndipo digiri aiiwale. Tinaseka, koma pocheuka tinapeza Amayi akulira. Zinandiwawa kwambiri.

M'mawa uliwonse amasuzumira m'makapumo n'kunena kuti timiyala sitinamere, tidikire. Ndinaponyamo mikanda yabuluu kuti mwina angasangalale. Anangoyang'ana kamodzi n'kundiuza kuti galasi si mkuwa. Za mkuwa sanaiwale ngakhale pang'ono.

Dzulo ndikukolopa, anandifunsa mwaulemu ngati ndine wantchito watsopano, n'kundichenjeza kuti ndisayandikire pawindo. Ine amene ndimawasambitsa. Ndinayankha kuti ndamva, n'kukalirira kubafa.

Koma iwe akukudziwabe. Kapu imodzi aipatula, akuti ndi ya Gwedezani, akabwera adzaigwedeze mmene angafunire, chifukwa anamukalipira mopitirira ali mwana. Amafunsa ngati wafika galimoto ikangoima panja.

Ndiye usandiuzenso za tchuthi cha chaka chamawa, chonde. Madzi a m'kapu yako akamauma ndimathiramo ena iwo asakuona. Koma dzina lako likawachoka, ndilibe pokalitunga. Bwera akadakudziwa.

Undiperekere moni kwa alamu, ana uwauze kuti azakhali awo awasowa. Mulungu akusunge, akutsegulirenso njira yobwerera kuno.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu