Mizere pa Mchira wa Makumba

Lewisham, London

Achemwali a Carol,

Muli bwanji ku Domasi kumeneko? Alamu a Paterson mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chandikwana.

Tizidutswa ta zipsepse za nsomba munapatsira a Goodwell pobwera kuno tija tinafika. Ndatiyeza ndekha ku labu, kuntchito kwathu kopimira zinthu, kawiri konse. Achemwali, nsomba za m'dziwe la malemu bambo si makumba enieni. Mwa nsomba makumi atatu munadulako zipsepse zija, zenizeni ndi zinayi zokha. Zinazo n'zosakanikirana ndi nsomba yachilendo ya ku mtsinje wa Nile.

Musaloze munthu chala. Ndine.

Mukukumbuka tchuthi chija ndinachokera ku Chipata ndi chigubu, n'kunena kuti ndi cha mafuta? M'chigubumo munali tiana ta nsomba zachilendozo. Zinkandiwawa kuona bambo akuthira gaga chaka chathunthu, nsomba osakula. Ndinati ndiwathandize, poti ndine wophunzira. Ndinakhuthulira m'dziwe nonse muli ku tchalitchi.

Patapita zaka ziwiri bambo anandionetsa mchira wa nsomba pa foni, n'kufunsa kuti mizereyo yachokera kuti, poti makumba anakatenga pa njinga ku Chilwa aja analibe. Ndinawayankha kuti ndi chakudya chabwino. Anaseka, n'kumauza aliyense kuti mwana wawo wa ku London watero. Anapita akukhulupirira bodza langa. Dzulo pa msika wa ku Peckham ndaona mizere yomweyo pa nsomba za pa ayisi, ndatuluka osagula kanthu. Manyazi andigwira, achemwali.

Munati mwezi wamawa amayi a kalabu ya alimi a nsomba abwera ndi ndowa kudzatenga mbewu ya nsomba. Chonde musawapatse. Maiwe awo ali m'mbali mwa mtsinje. Madzi akadzasefukira nsombazo zidzatsikira ku nyanja ya Chilwa, ndipo zikakaswana kumeneko palibe amene angadzazisankhe. Umitsani dziwelo. Idyani, yanikani, koma yamoyo isatuluke ndi imodzi yomwe. Amayiwo muwauze mosabisa kuti wolakwa ndi Weston.

Mundifunsa za zinayi zija, ndikudziwa. Munazibwezera m'madzi popanda chizindikiro, ndiye sindingadziwe kuti ndi ziti. Ndi zokhazo zatsala za bambo, ndipo zifera limodzi ndi zanga.

Mundikhululukire ngati mungathe. Mulungu akusungeni. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Weston