Bambo anataya mtima nditayamba kuwawina

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi. Vuto langa ndi bambo anga ondibereka. Asanapume pantchito ankagwira kosindikiza mabuku, ntchito yawo inali yosaka zolakwika m'zolemba za anthu ena, ndipo khalidwe limenelo anabwera nalo kunyumba. Chimwalirireni mayi amakhala okha, ndiye Lamlungu masana ndimapita kukawaona, n'kumasewera nawo masewera aja opanga mawu a Chingerezi pabolodi ndi timatabwa ta zilembo.

Kuyambira ndili mwana sindinawawinepo munthu ameneyu. Ndipo sawina mwakachetechete. Amatsitsa magalasi, n'kuyang'ana liwu langa la zilembo zitatu ngati ntchentche yogwera mu tiyi, kenako n'kundifunsa ngati digiri yanga ndinachita kutola pamsewu. Mkazi wanga naye amaseka nawo.

Chaka chino mnzanga wa kuofesi anandionetsa tsamba lina pa intaneti. Umalembapo zilembo zimene uli nazo, n'kunena kutalika kwa liwu limene ukufuna, ngakhale chilembo choyambira kapena chothera, ilo n'kukukhuthulira mawu onse otheka. Ndinayamba kuika foni pamwendo, kunsi kwa nsalu ya pathebulo. Ine sindikuona ngati n'kuba, chifukwa mawuwo ndi a Chingerezi enieni, ali m'dikishonale, komanso dziko linasintha.

Tsiku loyamba ndinaika liwu la zilembo zisanu ndi ziwiri lokhala ndi Z pakati. Bambo anatsutsa kuti kulibe liwu lotero. Anatsegula dikishonale yawo yothothoka chikuto, n'kulipeza lili phee. Kunena zoona ndinamva kukoma mpaka kumsana. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwawina mlungu uliwonse.

Koma tsopano asintha. Poyamba ankangochedwa kuika liwu mpaka tiyi kuzizira. Mwezi watha ndinapeza bolodi ili pamwamba pa wadirobu, dikishonale apereka kwa aneba. Nditafunsa anangoti, “Mutu wanga watha, mwana wanga. Mawu amene iwe ukuwaona, ine sindikuwaonanso.” Asiya ulembi ku bungwe lawo la opuma pantchito, ati angawalembere anzawo zolakwika. Akangoiwala pamene aika makiyi amakhala pampando kudandaula tsiku lonse. Achemwali anga akuti ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndipo akufuna awasamutse azikakhala nawo, m'nyumba ya bamboyo aikemo alendi. Bambo, amene kale akanawatulutsa panja ndi mawu okhaokha, angoti chabwino.

Ndingawanyengerere bwanji kuti apite kuchipatala akawayeze mutu? Nanga ndiziwasiyira dala mwa apo ndi apo kuti aziwina, mtima ukhale pansi? Za foni sindinauze aliyense, sindikuona kuti zikukhudzana.

D.K.

A D.K.,

Simukuona kuti zikukhudzana? Munthu wa digiri, wodziwa kufufuza liwu lokhala ndi Z pakati, mwalephera kulumikiza zinthu ziwiri zimene mwazilemba nokha m'kalata imodzi.

Tiyambe ndi zoti si kuba. Katundu wa m'sitolo nayenso ndi weniweni, koma munthu akatuluka naye atamubisa m'malaya timadziwa dzina lomutchula. Ngati zinali zoyera, bwanji foniyo simunaiike pamwamba pa thebulo, pafupi ndi kapu ya bambo anu? Munthu wamkulu, wa ana awiri, wopita kuntchito atavala tayi, kukhala dzanja lili kunsi kwa nsalu ngati mwana woba shuga. Tsambalo lilibe mlandu. Anthu amaphunzirirapo mawu, ena amaonerapo masewera atatha kuti adziwe pamene anaphonya. Inu mwaligwiritsa ntchito pomenyera nkhalamba m'nyumba mwake momwe.

Tsopano mvetserani chimene mwachita, poti zikuoneka kuti palibe anakuuzani. Bambo anu amakudziwani bwino. Akudziwa kuti Chingerezi chanu chimathera pati. Ataona kuti mwadzidzidzi mukutulutsa mawu amene iwo sanawamvepo moyo wawo wonse, anali ndi mayankho awiri okha: mwina mwana wanga akundibera, kapena mutu wanga wayamba kufa. Anasankha kukayikira mutu wawo kusiyana n'kukayikira inu. Ichi chokha chikanayenera kukusowetsani tulo, koma inu mukundifunsa njira ya kuchipatala.

Ndikumva kuti ankakunyozani, ndipo zinkawawa. Nthabwala ya bambo imalowa mkati, makamaka mkazi wako akamaseka nawo. Koma pakamwa muli napo. Mukanatha kuwauza kuti bambo, zimenezi zimandipweteka. M'malo mwake mwawalanda chinthu chimodzi chimene chinawatsalira mayi anu atapita, chodzitama nacho kuti ine ndikadali ine.

Musadikire Lamlungu. Pitani mawa lomwe, nokha, opanda mkazi kapena ana oti akufewetsereni nkhani. Auzeni mosazungulira kuti kuwina konse kuja kunali kwa foni. Musayambe ndi zoti dziko linasintha. Kenako apatseni foniyo m'manja, alembe okha zilembo, aone ndi maso awo mawu akukhuthuka. Pakamwa panu pokha sakhulupirira, aganiza kuti mukuwamvera chisoni. Akakalipa, khalani pomwepo mumve zonse. Akakuthamangitsani, tulukani mwaulemu, mubwerenso tsiku lotsatira.

Mukachoka pamenepo muimbire achemwali anu, muwauze nkhani yomweyo ndi pakamwa panu, alendi asanaonetsedwe zipinda. Inde, muchita manyazi, ndipo banja lonse lidzaikamba nkhaniyi pamaliro ndi paukwati mpaka mudzamere imvi. Manyazi amenewo ndi opepuka kuposa kuchotsa munthu wabwinobwino m'nyumba yake. Mupitenso kwa aneba mukapemphe dikishonale ija, ndipo mukaipemphe inuyo, osatuma munthu.

Za kuchipatala sindikuletsa. Munthu wachikulire kuyezedwa si koipa, ndipo ngati kuiwala kukupitirira ngakhale adziwe zoona, apititseni ndithu. Koma choonadi chiyambe. Mukawapititsa lero, akauza dokotala kuti chizindikiro chachikulu n'chakuti mwana wawo akuwaposa mawu, dokotala n'kulemba bodza lanu m'buku la odwala. Makiyi tonse timaiwala, ine ndinawapezapo anga mufiriji.

Chenjezo langa lili pa funso lanu lachiwiri. Musayerekeze kuwasiyira dala. Mwawanamiza kale kuti ndi ofooka, musawanamizenso kuti ndi amphamvu. Akadzazindikira, ndipo adzazindikira, sadzakhulupiriranso chilichonse chochitika pathebulo limenelo, ngakhale kuwina kwawo kwenikweni. Akadzavomera kusewera nanunso, foni muisiye m'galimoto, mukhale pansi ndi mutu wanu womwewo, muluze ndi mphamvu zanu zonse. Mwina sadzavomera. Zikadzatero musadzanene kuti ndi ukalamba.

Aphungu